Makaseti Awiri a Bambo Alufandika

Madzulo a Lachisanu lina m'mwezi wa Juni, chaka cha 1996, Edna anali panja pa mkhukhu wake, kanyumba ka malata ku Etwatwa kufupi ndi Joni, akukupiza mbaula ndi chivundikiro cha ndowa. Malasha anali onyowa, ankangofuka. Khomo lililonse mumsewumo linali ndi mbaula yake panja, ndipo utsi unali utagona pamwamba pa malata moti dzuwa linkalowa osaoneka. M'nyumba amuna ake, a Alufandika, ankatsokomola. Chinali chifuwa cha kumgodi. Zaka makumi awiri ndi zinayi anakhala akuboola mwala pansi pa nthaka, ndipo fumbi lake linawadya mapapo.

A Alufandika anabwera ku Joni ali mnyamata, kuchokera ku Ntcheu, ndipo anzawo atabwerera kumudzi iwo anatsalira. Edna anafika mochedwa, ukwati wake woyamba utatha ku Balaka. Ankachapa ndi kusita kwa azungu ku Kempton Park, kuchoka Lolemba mbandakucha, kubwera Lachisanu. Mwana analibe. Amalawi kuderalo anali owerengeka, ndipo panjira ankayankhula Chizulu chothyokathyoka kuopa kutchedwa makwerekwere, dzina lonyozera anthu obwera. Chichewa chinali cha m'nyumba, chitseko chili chotseka.

N'chifukwa chake Edna anasiya kukupiza atamva munthu akuseka mokweza kutsidya kwa chigwembe, kenaka n'kunena m'Chichewa kuti, "Ayi, bwana, kumeneko kuli madzi." Mawuwo ankawadziwa. Anali a bambo Symon, amene anawaika m'manda masabata atatu apitawo.

Maggie, mkazi wamasiye wa a Symon, anali ataima pampanda wawaya, ndowa ili m'manja.

"Achemwali, mwamva?" anafunsa Maggie.

"Ndamva wailesi."

"Wailesi imaseka choncho?"

Maggie analowa m'nyumba mwake, madzi osatunga.

Kutsidya kwa chigwembeko kunali mkhukhu umodzi wokha, wa Sailesi. Kwawo kwenikweni palibe ankakudziwa. Ena ankawauza kuti ndi wa ku Nsanje, ena kuti ndi wa m'malire a Mozambiki. Ankakonza mawailesi, komanso ankajambula mawu a anthu osadziwa kulemba, kuti atumize kaseti kumudzi m'malo mwa kalata. Odutsa pafupi ankati pakhomo pake pamanunkha waya wopserera ndi mafuta a nsatsi. Agalu sankafikako.

Mphekesera zinayamba ndi a Hussaini, mkulu wa ku Mangochi amenenso anali ndi chifuwa cha kumgodi. Anapita kwa Sailesi masiku atatu otsatizana. Tsiku lachinayi anawapeza atakhala pakhomo, maso ali gwa, akupuma bwinobwino koma osadziwa ngakhale dzina lawo. Sabata isanathe anamwalira. A Symon zinawachitikira chimodzimodzi. Azimayi kumpopi ankanong'onezana kuti masana kukakhala zii, kwa Sailesi kumamveka akuluakulu awiriwo akukangana, ndipo nthawi zina mmodzi amalira.

Edna atalowetsa mbaula m'nyumba anapeza amuna ake atakhala pabedi, atafunda jekete la kumgodi.

"Anambewe," anatero a Alufandika. Mu Joni monse ndi iwo okha amene ankamuitana ndi mfunda wake. "Sailesi anabwera Lachitatu. Akuti angathe kundisamutsa."

"Kukusamutsirani kuti?"

"M'kaseti. Ndingoyankhula zonse zimene ndimakumbukira, iye ali ndi mankhwala ake. Ndikamaliza, ndiye kuti ndalowamo."

"Ngati a Symon?"

"A Symon akuseka. Simunawamve? Kale ankatha kuseka osatsamwa?"

Anatsokomola nthawi yaitali, Edna akuwasisita pamsana. Atapeza mpweya anapitiriza. "Ine ndine chiyani, Anambewe? Mapapo owolawa? Ine ndi njira ya kudimba kwa amayi. Ine ndi tsiku lija ndinakupezani pasiteshoni mukulira chifukwa munakwera sitima yolakwika. Zimenezo zikapulumuka, ndapulumuka."

"Nanga mzimu, abambo?"

"Mzimu ukatsalirenji m'nyumba yopanda kanthu?"

"Ndakana. Mukafa mufe ngati munthu, ndikulireni ngati munthu."

A Alufandika anayang'ana moto wa m'mbaula. "Ndikapita, muzidzayankhula ndi yani muno?"

Funso limenelo Edna anapita nalo ku Kempton Park Lolemba. Analiganiza akusita malaya a ana a eni ake, analiganiza m'kachipinda kake kakuseri kwa galaja, mmene wailesi ya adona inkamvekera patali m'chinenero chimene sankachimva.

Lachisanu atatsika teksi yochokera kusiteshoni anaona amuna ake ali panja, atakhala pa kireti, dzuwa lamadzulo likuwawomba kumaso. Anawapatsa moni. Iwo anamuyang'ana monga mmene munthu amayang'anira mlendo wodutsa, kenaka n'kuyang'ananso kumsewu.

M'nyumba munali Sailesi. Anali munthu wamfupi, waukhondo, wa zala zazitali. Patebulo anali ataika wailesi ya kaseti. M'kati mwake munali kaseti yakuda yopanda cholembedwa, yomangidwa kaulusi kofiira pakona, ikunyezimira mafuta.

"Musaope, mayi," anatero Sailesi. Anadina batani.

Poyamba panamveka mphepo chabe. Kenaka: "Anambewe, mwafika? Sitima inachedwa?"

Mawuwo anali oyera, opanda kutsokomola, ngati a munthu wa zaka makumi atatu. Edna anakhala pansi. Sailesi anatuluka mwakachetechete, fungo la nsatsi n'kutsalira.

"Ngati ndi inudi," anatero Edna, "tsiku lija pasiteshoni munandigulira chiyani?"

"Malalanje awiri. Limodzi linali lowola, munadya chomwecho kuti ndisachite manyazi."

Edna analira. Ali mkati molira anamva chinthu cholemera chikugwera pamapewa ake. Munthu wa pa kireti uja anali atalowa, wavula jekete lake n'kumufunditsa. Kenaka anakakhala pabedi, n'kuyamba kutsokomola.

Lolemba Edna sanapite kuntchito, ndipo sabata yotsatira anamva kuti adona apeza wina. Tsopano m'nyumbamo munali amuna awiri. Wa m'wailesi ankadziwa zonse. Ankamuseketsa, ankayimba naye nyimbo za kutchalitchi, ankamukumbutsa pamene anasunga chiphaso cha kuchipatala. Wa pabedi sankadziwa kanthu. Sankayankhula, sankatembenuka akaitanidwa dzina. Koma ankazizidwa. Ankanjenjemera pulayimasi ikaphulika poyatsa. Edna akamupatsa buledi, ankadya makoko okha n'kumukankhira pakati pofewa, monga ankachitira zaka zonse.

"Musachidyetse chimenecho," inatero wailesi tsiku lina masana, itamva supuni ikugunda mbale.

"Ali ndi njala."

"Ndi chigoba, Anambewe. Ine ndili kuno. Sailesi ananena kuti chikamapumabe, kusamuka sikunathe. Mbali ina ya ine ikadali yokodwa mmenemo."

"Ndiye kuti mmenemu mukadali inu."

Wailesi inati, "Mukandizimitsa sindigona. Ndimangokhala mumdima, kudikira. Sindimva kuzizira, sindimva njala, sindimva chilichonse. Musamandizimitse nthawi yaitali."

Edna anapitiriza kudyetsa wa pabediyo. Ankamusambitsa m'beseni, kumumeta ndevu, kumutulutsa padzuwa. Nthawi zina ankatembenuka pakati pa nyumba, mbale ili m'manja, osadziwa kuti ayang'ane kuti akamati "abambo". Anthu a mumsewu anayamba kumulambalala. Kutchalitchi benchi yake inkakhala ndi malo mbali zonse.

Ndi Maggie yekha amene anamuyandikira. Anakumana kumpopi dzuwa lili paliwombo, kulibe anthu.

"Mukuwadyetsabe?" anafunsa Maggie.

"Eya."

Maggie anagwira mpopi ndi manja onse awiri. "Ine ndinasiya. Kaseti inandiuza kuti ndisiye, ndinasiya. Masiku asanu akundiyang'ana, achemwali. Tsiku lomaliza anagwira kapu yopanda madzi n'kumaiika pakamwa."

Madzi anasefukira m'ndowa, palibe anatseka.

"Ndipo china," anapitiriza Maggie motsitsa mawu. "Kaseti ya a Symon ili m'nyumba mwanga, m'sutikesi. Sinatulukemo. Ndiye uja amaseka kwa Sailesi ndi ndani?"

Lamulungu m'mawa Edna anaona Sailesi akukwera teksi ya ku Brakpan. Anadikira mabelu a tchalitchi, anthu atachoka mumsewu, n'kuwoloka chigwembe. Chitseko chinali chomanga ndi waya basi.

M'katimo munali mdima ndi fungo lotsamwitsa. Maso atazolowera anaona mashelefu odzaza makaseti akuda, aliwonse ndi kaulusi kofiira. Pansi panali mawailesi asanu, onse oyatsa motsitsa, akung'ung'udza ngati njuchi. Wina ankapemphera m'Chiyao. Wina ankawerenga masitepe: makumi anayi, kukhota kumanzere, makumi awiri. Pambali pa mbaula yozima panali kaseti yosungunuka mbali imodzi, yopindika ngati chikopa chouma.

"Anambewe?" inatero wailesi ya pakona. "Mapazi amenewo ndi anu."

Edna anagwira khoma. "Inu ndakusiyani kunyumba."

"Ine sindinachokemo muno. Chiyambire tsiku lija ndakhala ndikukudikirani. Bwanji simunabwere?"

"Muli kunyumba! Ndimacheza nanu tsiku lililonse!"

"Amene mumacheza nayeyo sindikumudziwa. Sailesi ali ndi makina a makomo awiri. Amalowetsa kaseti imodzi uku, yopanda kanthu uku, zimatuluka ziwiri. Ina amapereka kwa mkazi, ina amasunga."

"Asungirenji?"

"Migodi yakale ija anaitseka, ife timadziwa pamene panatsala golide. Amatifunsa njira. Tikakana amatiika pambaula." Mawuwo anathyoka. "Ndinkati kuno kulibe ululu. Ulipo, Anambewe. Nditulutseni."

Edna anatsegula kachitseko ka wailesi, kaseti n'kuiika m'bulauzi. Potembenuka anapeza Sailesi wabwerera, ataima pakhomo, manja ali m'thumba. Sanaoneke wokwiya.

"Mwatenga iti, mayi?"

"Mfiti iwe. Amuna anga enieni ndi ati?"

"Onse. Kapena palibe. Ine ndimangojambula." Anamwetulira. "Mukafuna ndikupangirani khumi. Onse adzakumbukira malalanje aja, onse adzakukondani chimodzimodzi."

Edna anakuwa. Anakuwa m'Chichewa, chinenero chimene sanachikwezepo mawu chifikire ku Joni, ndipo anthu amene ankachokera kutchalitchi anathamangira kuchigwembe. Sailesi anatenga sutikesi pansi pa bedi, anakokoleramo makaseti a shelefu imodzi, n'kutulukira kuseri. Ena anamuona akulowera ku milu ya mchenga wa kumgodi, akuyenda osathamanga. Anyamata amene anamutsatira anabwerera okha, akuti mapazi ake anathera pamchenga.

Anthu atamva zimene zinkatuluka m'mawailesi aja, sanafunenso kufunsa zambiri. Anathira parafini. Moto utagwira, m'nyumbamo munamveka kulira kwa amuna ambiri, m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chishangani, ena akuitana maina a akazi awo. Maggie anamva dzina lake. Anafuna kudziponya pamoto, azimayi atatu anachita kumugwira. Sabata yomweyo Maggie anakwera basi ya kumudzi ndi sutikesi yake, koma asanapite anamusiyira Edna wailesi yake.

Choncho tsiku lina madzulo Edna anaika mawailesi awiri patebulo, n'kudina mabatani onse.

"Ndani ameneyo?" inafunsa ya kunyumba.

"Ndine Alufandika."

"Alufandika ndine."

Anafunsana maina a ng'ombe za atate awo, dzina la kapitawo amene anawathyola dzino, nyimbo imene amayi awo ankayimba popeta. Palibe analakwa. Anakangana mpaka mawu awo anasakanikirana, Edna osathanso kusiyanitsa. Kenaka munthu wa pabedi anatsokomola, chifuwa chachitali chong'amba, ndipo onse awiri anakhala chete kumvetsera.

Kuyambira tsikulo Edna ankawayatsa mosinthana. Kaseti ya kunyumba ankaiika kumanja kwa shelefu, ya kwa Sailesi kumanzere. Pooneka zinali zofanana ndendende, koma mitima yawo inayamba kusiyana. Ya kumanzere inkaopa chilichonse. Ikamva malasha akuthetheka inkapempha kuti mbaula ituluke. Ya kumanja inayamba kuchepetsa mawu. Inkangomvetsera Edna akusambitsa wodwalayo, akumutembenuza, akumupukuta magazi pakamwa. Sinanenenso za chigoba.

Wodwalayo anamwalira mu Sepitembala, masana otentha, mphepo ikuwulutsa fumbi la kumigodi. Anagwira dzanja la Edna mwamphamvu, akumuyang'ana m'maso. Ngati anamuzindikira, sananene. Dzanjalo linamasuka pang'onopang'ono.

Edna anayamba wauza ya kumanja.

"Anavutika?" inafunsa.

"Pang'ono."

"Anagwira dzanja lanu?"

"Eya."

"Ine sindidzaligwiranso." Mphepo ya m'kaseti inalira kwa kanthawi. "Ndakhala ndikuganiza, Anambewe. Ngati iye wapita kwa Mulungu, ine adzandilandira ndani? Ndinkati ndathawa imfa, koma ndangotsala pakhomo. Mundiike m'bokosi limodzi ndi iye. Mwina kumeneko tikapezana. Lonjezani."

Edna analonjeza. Kenaka anayatsa ya kumanzere.

"Musandikwirire," inatero asanamalize n'komwe kufotokoza. "Pansi pa nthaka ndakhalapo zaka makumi awiri ndi zinayi. Mumdima wa Sailesi ndakhalamo. M'manda simudzabwera wodina batani, ndidzangodikira mpaka kalekale. Ndine mwamuna wanu, ndili moyo. Chonde, Anambewe."

Iyonso anailonjeza.

Tsiku la maliro azimayi a kutchalitchi anabwera m'mamawa, ngakhale amene ankamulambalala aja. Anatulutsa katundu yense kuti bokosi lipeze malo. Tebulo, bedi ndi mawailesi anakazisungitsa kwa anthu a msewu wina. Edna anali pamphasa atafunditsidwa bulangeti, sanaone zimene zinkachitika kushelefu. Atamaliza mapemphero, amuna atagwira chivundikiro cha bokosi, anadzuka kuti akatenge kaseti ya kumanja. Shelefu inali yopanda kanthu.

"Makaseti aja ali kuti?"

"Ndawaika m'chitini umu, mayi, kuti angatayike," anatero mayi wina, akumupatsa chitini cha mabisiketi.

Zinali mmenemo ziwiri, imodzi pamwamba pa inzake. Zakuda, zopanda cholembedwa, kaulusi kofiira pakona. Edna anazitembenuza uku ndi uku. Anazinunkhiza. Panja galimoto yonyamula maliro inaliza hutala, dalaivala anali ndi maliro ena masana. Munthu wa hamala anamuyang'ana, misomali ili pakamwa.

"Mayi, titseke?"

Imodzi inkamveka yofundirako m'dzanja. Edna anaganiza kuti imeneyo ndiye yakhala nthawi yaitali m'nyumba mwake. Anaiika pachifuwa cha malemu, pansi pa manja. Wa hamala uja anakhoma.

Madzulo, anthu atabalalika ndipo katundu atabwezedwa, anakhala yekha patebulo. Analowetsa kaseti yotsalayo m'wailesi. Chala chinafika pa batani, n'kuima. Ikayankhula n'kuthokoza kuti sanaikwirire, ndiye kuti zonse zili bwino. Koma ikafunsa kuti, "Bwanji ndikadali kuno?" ndiye kuti amene anapempha moyo uja ali pansi pa dothi, ali maso, akudikira. Anachotsa chala. Mawa lake anayesanso, ndi mkuja wake. Sanadine.

Sailesi sanaonekenso ku Etwatwa. Patapita zaka ziwiri munthu wina wochokera kumigodi ya ku Welkom anasimba za mkulu wamfupi waukhondo amene amajambula mawu a odwala chifuwa kumahositelo ogonako anthu a kumgodi, koma dzina linali lina.

Edna anapeza ntchito ku Brakpan, kusamala gogo wachizungu amene sankamva. Kaseti ija inakhala pansi pa sutikesi, yokulungidwa m'chitenje. Ankadziwa kuti nayonso ili mumdima, ikudikira, ndipo kangapo pachaka ankagula mabatire atsopano n'kuwasiya mpaka achite dzimbiri. Lamulungu lililonse lomaliza la mwezi ankakwera mateksi awiri kupita kumanda. Ankazula udzu, n'kuyang'ana uku ndi uku. Akaona kuti kulibe munthu, ankagwada, kugoneka khutu padothi, n'kugwira mpweya.

Sanamvepo kanthu. Koma kaseti yopanda wailesi siyankhula, ndipo zimenezo Edna ankazidziwa.